Kodi Suharto analidi wosakondera mbali pa ubale wa Indonesia ndi mayiko ena?

Wophunzira wa ku Zomba:
Ndikupereka moni kwa akuluakulu nonse a pagulu pano. Ndikulemba nkhani ya kusukulu yokhudza Suharto, yemwe analamulira Indonesia kuyambira mu 1967 mpaka mu 1998, ndipo pali mfundo imodzi imene yandizunguza mutu. Zimene ndawerenga zikunena kuti dziko lija linkatsatira mfundo yomwe eni ake amaitcha bebas aktif, kutanthauza kuti dziko likhale lomasuka, losamangika ku mbali iliyonse, koma lotenga nawo gawo pa nkhani za dziko lonse lapansi. Zikunenanso kuti mu 1992 Suharto anakhala wapampando wa gulu la mayiko osakondera mbali. Komabe munthu yemweyu ndi amene anathetsa chipani cha chikomyunizimu m'dziko mwake, ndipo ndalama zoyendetsera chitukuko ankazitenga ku America, ku Japan ndi ku Ulaya. Kodi ziwirizi zikugwirizana bwanji? Ndithandizeni chonde.

Mphunzitsi wopuma:
Mwafunsa bwino mwanangu, ndipo kuti mumvetse muyenera kuyambira pa Sukarno, mtsogoleri woyamba wa dzikolo. Mfundo ya bebas aktif si Suharto anaiyambitsa ayi. Inachokera kwa Mohammad Hatta, wachiwiri kwa Sukarno, yemwe mu 1948 anayerekeza Indonesia ndi bwato lopalasa pakati pa matanthwe awiri. Sukarno ndiye analandira atsogoleri a ku Asia ndi ku Africa pa msonkhano wa ku Bandung mu 1955, koma pofika zaka za m'ma 1960 bwato lija linali litapendekera kwambiri ku China. Anayambana ndi dziko latsopano la Malaysia mpaka kutumizako asilikali, anauza America kuti ichoke ndi thandizo lake, ndipo mu Januwale 1965 anatulutsa Indonesia m'bungwe la United Nations chifukwa Malaysia inapatsidwa mpando mu nthambi yoona za chitetezo.

Usiku wa pa 30 Seputembala 1965 gulu lina la asilikali linagwira ndi kupha akuluakulu a asilikali asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo Ahmad Yani, ndipo mitembo yawo inapezeka m'chitsime pamalo otchedwa Lubang Buaya. Suharto, yemwe ankatsogolera gulu la asilikali la Kostrad, sanali pakati pa ogwidwawo. Iye ndiye anagonjetsa oukirawo tsiku lotsatira, nasenzetsa mlandu wonse chipani cha chikomyunizimu cha PKI. Pa 11 Malichi 1966 Sukarno anasaina kalata yomupatsa mphamvu zobwezeretsa bata, ndipo m'mawa mwake PKI inaletsedwa. Tsono taonani liwiro la zimene zinatsatira: mkangano ndi Malaysia unatha mu Ogasiti 1966, Indonesia inabwerera ku United Nations mu Seputembala chaka chomwecho, bungwe la mayiko a kummwera chakummawa kwa Asia la ASEAN linakhazikitsidwa ku Bangkok pa 8 Ogasiti 1967, ndipo mu Okutobala 1967 ubale ndi China unaimitsidwa, osadzabwereranso mpaka mu 1990. Dzina la mfundo linatsala lomwelo, koma bwato linatembenuka kwathunthu. Chimene Suharto anasunga ndi chakuti sanasaine pangano lolowa m'gulu la nkhondo la mayiko a azungu, ndipo sanalole kuti asilikali akunja amange misasa yokhazikika m'dziko mwake. Pamenepa ndi pamene ankaimira akamanena kuti sakondera mbali.

Bambo a Chikondi:
Ndikugwirizana nanu a Mphunzitsi pa mbiriyi, koma ndikuona kuti kutembenukako tisakutenge ngati kugulitsa dziko. Munthu ayenera kuona chimene Suharto anachipeza m'nkhokwe. Mu 1966 mitengo ya zinthu inakwera kupitirira 600 peresenti m'chaka chimodzi, boma linali ndi ngongole zimene silikanatha kubweza, ndipo mpunga unkasowa m'misika. Iye anaitana akatswiri a zachuma monga Widjojo Nitisastro ndi Ali Wardhana, omwe anaphunzira ku Berkeley ku America, nawasiya kuti agwire ntchito yawo. Mu 1967 mayiko opereka thandizo anapanga gulu lotchedwa IGGI, wapampando wake kukhala Netherlands, dziko lomwe linali mtsamunda wa Indonesia, ndipo ngongole zakale anazikonzanso kuti zibwezedwe pang'onopang'ono. Pasanathe zaka zambiri mitengo inakhazikika.

Zipatso zake zinaoneka m'midzi. Pakati pa 1973 ndi 1978 boma linamanga sukulu za pulaimale zopitirira 61,000 ndi ndalama za mafuta. Dziko lomwe linali limodzi mwa ogula mpunga wambiri kunja linayamba kudzidyetsa lokha mu 1984, ndipo mu 1985 Suharto anakalandira ulemu wa bungwe loona za chakudya ndi ulimi la FAO ku Rome. Izi zinatheka chifukwa cha ulimi wothirira, mbewu zamakono, feteleza wotsika mtengo ndi alangizi ofika kwa mlimi. Ife amene timadziwa tanthauzo la kugona ndi njala sitiyenera kunyozera zimenezi. Ine ndikuti mfundo zake za kunja zinali ndi cholinga chimodzi, chomwe ndi kupezera dziko ndalama ndi bata, ndipo cholingacho anachikwaniritsa.

Mayi a Tadala:
Bambo a Chikondi, mwadumpha miyezi isanu ndi umodzi ngati kuti simunachitike kanthu. Pakati pa Okutobala 1965 ndi miyezi yoyambirira ya 1966 anthu osachepera 500,000 anaphedwa, ndipo ofufuza ena amati anafika 1 miliyoni. Ambiri mwa iwo sanali akuluakulu a ndale. Anali alimi a ku Java ndi ku Bali, aphunzitsi, ogwira ntchito m'minda ya ku Sumatra, amayi a m'mabungwe ogwirizana ndi PKI, ndi ena amene anangolozedwa chala ndi anansi awo. Asilikali ndiwo ankatsogolera, nagwiritsa ntchito magulu a achinyamata, ndipo mitembo yambiri inkatayidwa m'mitsinje. Otsala anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ena pafupifupi 10,000 pachilumba cha Buru, komwe ankalima chakudya chawo chomwe ndi cha owalondera mpaka mu 1979. Atatulutsidwa, pa chiphaso chawo cha unzika pankalembedwa zilembo ziwiri, ET, zosonyeza kuti munthuyu anali mkaidi wa ndale. Tangoganizani munthu akupereka chiphaso chotere kwa kalaliki wa boma pofunsira ntchito, kapena mwana wake akufuna kulowa usilikali kapena uphunzitsi. Chitseko chinkatsekeka nthawi yomweyo.

Ndikunena izi chifukwa sizosiyana ndi nkhani ya ubale ndi mayiko akunja imene mwanayu wafunsa. Zikalata za ofesi ya kazembe wa America ku Jakarta, zimene zinatulutsidwa poyera mu 2017, zikusonyeza kuti akazembewo ankadziwa bwino lomwe za kuphana kuja pamene kunkachitika. Ndalama za IGGI zinabwera magazi asanaume. Ndipo kampani yoyamba yakunja kusaina mgwirizano pansi pa lamulo latsopano la 1967 inali Freeport ya ku America, imene inapatsidwa malo okumba mkuwa ku West Papua zaka ziwiri eni dera asanafunsidwe n'komwe ngati akufuna kukhala mbali ya Indonesia. Kufunsako kutachitika mu 1969, anafunsa anthu opitirira pang'ono 1,000 osankhidwa ndi boma, onse navomera, ndipo United Nations inangolandira lipotilo.

Bambo a Chikondi:
Sindikukana za kuphanako amayi, ndipo ndikadayenera kuzitchula. Chimene ndikukana ndi kunena kuti chifukwa cha izo ndiye kuti sukulu ndi mpunga uja n'zabodza. Zonse ziwiri zinachitika.

Mayi a Tadala:
Zinachitikadi zonse, koma funso ndi lakuti ndani anali ndi ufulu wonena kuti mtengo wake wakwera kwambiri. Chisankho chinkachitika, inde, kasanu ndi kamodzi kuyambira mu 1971 mpaka mu 1997, koma gulu la boma la Golkar silinatsikepo pa mavoti 60 mwa 100 aliwonse, ogwira ntchito m'boma ankakakamizidwa kulivotera, ndipo mu 1973 zipani zotsutsa zonse zinafinyidwa kukhala ziwiri zokha, PPP ndi PDI. Asilikali anali ndi mipando yawoyawo m'nyumba ya malamulo popanda kupikisana ndi wina aliyense, potsatira chiphunzitso cha dwifungsi, chakuti msilikali ali ndi ntchito ziwiri, kuteteza dziko ndi kuliyendetsa. Pulezidenti sankasankhidwa ndi anthu mwachindunji, ankasankhidwa ndi msonkhano waukulu wa MPR, ndipo nthawi zonse dzina linali limodzi.

Mkulu wa ku Ulongwe:
Ndiloleni ndiponyepo mawu kuchokera kuno ku Mozambique, chifukwa kwa ife dzina la Suharto limabwera limodzi ndi dzina la Timor. East Timor, dziko loyandikana ndi Indonesia, inali pansi pa Apwitikizi monga ife, ndipo ulamuliro wa ku Lisbon utagwa mu Epulo 1974, nawonso ankayembekezera ufulu wawo. Chipani cha Fretilin chinalengeza ufuluwo pa 28 Novembala 1975, ndipo pa 7 Disembala asilikali a Indonesia anatera mu mzinda wa Dili, likulu la dzikolo, pa ndege ndi pa zombo. Dzulo lake Pulezidenti Gerald Ford wa America ndi nduna yake yoona za ubale ndi mayiko akunja, Henry Kissinger, anali ku Jakarta, ndipo zolembedwa za msonkhano wawo ndi Suharto, zomwe zinatulutsidwa patapita zaka zambiri, zikusonyeza kuti anamuuza kuti akumvetsa ndipo samutsekereza. Zida zambiri zimene anagwiritsa ntchito zinali zochokera ku America komweko. Mu Julayi 1976 Timor inalengezedwa kukhala chigawo cha nambala 27 cha Indonesia.

Ndili mnyamata ndikuphunzira ku Maputo m'zaka za m'ma 1980, tinkakumana ndi anthu a ku Timor amene boma la Samora Machel linawalandira. Ankalankhula Chipwitikizi ngati ife, ankakwera nafe basi imodzi, koma ukawafunsa za kwawo ankayamba kuwerenga pa zala abale amene sanamve mbiri yawo kwa zaka. Mari Alkatiri, yemwe anadzakhala nduna yaikulu yoyamba ya dzikolo mu 2002, anakhala zaka zambiri ku Mozambique. Komiti yofufuza zoona imene inakhazikitsidwa pambuyo pake inapeza kuti anthu osachepera 102,800 anafa chifukwa cha nkhondoyi pakati pa 1974 ndi 1999, ambiri a iwo ndi njala ndi matenda, m'dziko lomwe anthu ake sankafika 700,000 pamene nkhondoyi inkayamba. Chimene chimandiwawa n'chakuti dziko lomwe linachititsa msonkhano wa ku Bandung wodzudzula utsamunda ndi lomwenso linameza mnansi wake wamng'ono.

Ndipo panali chithunzi china chimene sindichiiwala. Mu Disembala 1989 nduna zoona za ubale ndi mayiko akunja za Australia ndi Indonesia, Gareth Evans ndi Ali Alatas, zinasaina pangano logawana mafuta a pansi pa nyanja ya Timor zili m'ndege pamwamba pa nyanjayo, matambula a vinyo ali m'manja. Eni nyanja anali pansi, osafunsidwa.

Wophunzira wa ku Zomba:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiye ngati zinthu zinali choncho, zinatheka bwanji kuti mayiko a mu Africa ndi Asia amusankhe kukhala wapampando wawo mu 1992, patangopita chaka chimodzi asilikali ake atawombera anthu kumanda a Santa Cruz?

Mphunzitsi wopuma:
Chaka cha 1992 chimenecho muchiyang'anitsitse, chifukwa yankho lanu lonse lili mmenemo. Pa 12 Novembala 1991 asilikali anawombera anthu amene ankapita kumanda a Santa Cruz ku Dili, napha anthu oposa 200, ndipo ulendo uno mtolankhani wakunja anajambula kanema amene anaonetsedwa pa dziko lonse. Netherlands inaimitsa thandizo lina pofuna kuonetsa kukwiya kwake. Suharto sanapepese kwa iwo. Mu Malichi 1992 anauza Netherlands kuti thandizo lake lonse sakulifunanso, nathetsa gulu la IGGI, ndipo m'malo mwake munabwera gulu lina lotsogozedwa ndi World Bank, limene linapitiriza kulonjeza mabiliyoni a madola chaka ndi chaka.

Tsono yerekezani ndi kwathu kuno m'miyezi yomweyo. Kalata ya maepiskopi inawerengedwa pa 8 Malichi 1992, ndipo mu Meyi mayiko opereka thandizo atakumana ku Paris anaimitsa thandizo lonse losakhudza zachifundo ku Malawi, mpaka a Kamuzu anavomera riferendamu ya mu Juni 1993. Atsogoleri awiriwa onse anali abwenzi a azungu pa nthawi ya nkhondo ya mawu ya pakati pa America ndi Soviet Union, onse ankadana ndi chikomyunizimu, koma wina anatayidwa nkhondoyo itangotha pamene mnzake anapitirira zaka zina zisanu ndi chimodzi. Kusiyana kwake sikunali pa khalidwe. Indonesia inali ndi anthu oyandikira 200 miliyoni, mafuta, gasi, mitengo ya matabwa, golide, ndiponso njira za panyanja za Malacca, Sunda ndi Lombok zomwe zombo zamalonda ndi zankhondo zimadutsamo. Munthu wokhala pa chuma chotere amatha kusankha yekha womupatsa ngongole.

Kwa mayiko osauka, kukana thandizo la mtsamunda wakale kunaoneka ngati kulimba mtima, ndipo ambiri mwa atsogoleri amene anasonkhana ku Jakarta mu Seputembala 1992 analinso ndi zawo zimene sankafuna kufunsidwa. Mfundo ya kusalowerera za m'nyumba ya mnzako, yomwenso ndi msana wa ASEAN, inkawakomera onse.

Bambo a Chikondi:
Apa ndikufuna kuwonjezera chilungamo pang'ono. Udindo uja sanaupeze ndi kuopseza kokha. Indonesia ndiyo inasonkhanitsa magulu olimbana a ku Cambodia pa zokambirana za ku Bogor mu 1988 ndi za ku Jakarta mu 1989, ndipo inatsogolera limodzi ndi France msonkhano wa ku Paris umene unabala pangano la mtendere mu 1991. Inathandizanso kuyanjanitsa boma la Philippines ndi gulu la Asilamu loukira boma la MNLF mu 1996. Mu 1994 atsogoleri a APEC, bungwe la zamalonda la mayiko a ku Asia ndi ozungulira nyanja ya Pacific, anakumana ku Bogor, ndipo mu Malichi 1995 Suharto anafika ku Sarajevo, likulu la Bosnia, nkhondo ili mkati. Chigawo chimene m'zaka za m'ma 1960 chinali pa mkangano wokhawokha chinakhala zaka makumi atatu mamembala a ASEAN osamenyana nkhondo, ndipo mbali ina ya zimenezi ndi chifukwa chakuti dziko lalikulu koposa pakati pawo linasankha kusadzitukumula pa anzake a m'bungwemo.

Mlongo wa ku Johannesburg:
Kuno ku South Africa nkhani imeneyi ili ndi mbali yovuta kuikamba. A Nelson Mandela anapita ku Jakarta mu 1990, miyezi yochepa atatuluka m'ndende, ndipo boma la Suharto linathandiza chipani cha ANC ndi ndalama. Ngakhale malaya a maluwamaluwa amene tinkawadziwira a Mandela ndi a nsalu ya batik, yomwe kwawo ndi ku Indonesia. Mu Julayi 1997 a Mandela ali ku Jakarta anapempha kuonana ndi Xanana Gusmão, mtsogoleri wa omenyera ufulu wa Timor yemwe anagwidwa mu 1992, ndipo anamutulutsadi m'ndende ya Cipinang kuti akadye nawo chakudya chamadzulo. Atabwerako anapempha kuti amasulidwe. Komabe mu Novembala chaka chomwecho Suharto atabwera ku Cape Town anapatsidwa mendulo ya ulemu ya Order of Good Hope, anthu ena akuchita zionetsero panja. Ndimakumbukira kuti kuntchito kwathu tinakangana tsiku lonse, ena akuti munthu sangalume dzanja limene linamudyetsa pa nthawi ya mavuto, ena akuti a Mandela okha ndiwo akanatha kulankhula mosaopa ndipo anasankha kunong'ona. Ine mpaka lero ndili pakati.

Mayi a Tadala:
Palibe amene watchulapo za ana ake, choncho ndizitchule ndine. Bungwe la Transparency International mu 2004 linayerekeza kuti ndalama zimene zinabedwa mu ulamuliro wake zinali pakati pa 15 ndi 35 biliyoni ya madola. Wamng'ono mwa ana ake aamuna, Tommy, anapatsidwa ulamuliro wogula ndi kugulitsa zonunkhiritsa za clove, zimene amaika mu ndudu za kumeneko, moti mlimi sankaloledwa kugulitsa kwina. Mu 1996 anapatsidwanso ntchito yopanga galimoto ya dziko yotchedwa Timor, koma zoyambirira zake zinkapangidwa ku South Korea n'kulowa popanda msonkho. Japan, America ndi mayiko a ku Ulaya anakasuma ku bungwe loona za malonda a dziko lonse la WTO chifukwa cha galimoto imeneyi. Sindinamvepo kuti anathamanga chotero chifukwa cha Timor weniweni wa anthu.

Mphunzitsi wopuma:
Amayi afika pa chimake, chifukwa ndi m'thumba momwemo mmene zinthu zinathera. Pakati pa chaka cha 1997 dola imodzi inkasinthidwa ndi ma rupiah pafupifupi 2,400, koma pofika Januwale 1998 inapitirira 10,000. Makampani amene anakongola madola analephera kubweza, mabanki anatsekedwa, anthu anayamba kulimbirana mpunga ndi mafuta ophikira m'masitolo. Pa 15 Januwale 1998 Suharto anasaina mgwirizano ndi IMF, ndipo chithunzi cha tsiku limenelo mwanangu muchifunefune pa intaneti: mkulu wa zaka 76 wawerama pa tebulo akusaina, pamene Michel Camdessus wa IMF waima pambali pake atapinda manja pachifuwa ngati mphunzitsi woyang'anira mayeso. Kwa anthu a ku Java, amene amalemekeza kwambiri kaimidwe ndi kakhalidwe ka munthu pamaso pa mfumu, chithunzicho chinanena kuti mphamvu zachoka. Munthu amene mu 1992 anabweza thandizo la Netherlands tsopano analibe kwina kolowera.

Mu Malichi anasankhidwanso kachisanu ndi chiwiri. Kumayambiriro kwa Meyi mtengo wa petulo unakwera ndi pafupifupi 70 peresenti, pa 12 Meyi ophunzira anayi a pa yunivesite ya Trisakti anawomberedwa, ndipo m'masiku otsatira zipolowe za ku Jakarta zinapha anthu oposa 1,000, nzika zochokera ku mtundu wa Chitchaina zikuzunzidwa koopsa. Iye anali ku Cairo pa msonkhano wa G15, gulu la mayiko ongokwera kumene, ndipo anabwerera mofulumira n'kupeza ophunzira akukonzekera kudzaza bwalo la nyumba ya malamulo, nduna zake zina zikukana kulowa m'boma latsopano. Pa 21 Meyi 1998 anatula pansi udindo, B. J. Habibie nalowa m'malo mwake.

Mkulu wa ku Ulongwe:
Ndipo mwanawe musalakwitse polemba, chifukwa ndaonapo ena akusokoneza. Si Suharto amene analola riferendamu ya ku Timor. Anali Habibie, ndipo pa 30 Ogasiti 1999 anthu 78.5 mwa 100 aliwonse anasankha ufulu, magulu a zigawenga othandizidwa ndi asilikali naotcha dzikolo pochoka. Ufulu wonse unabwera pa 20 Meyi 2002. Makolo amati mlandu suola, koma Suharto anamwalira pa 27 Januwale 2008 asanaimepo m'bwalo la milandu, popeza madokotala ananena kuti thanzi lake silikulola.

Bambo a Chikondi:
Komatu mwa eni dziko alipo ambiri amene amamukumbukira bwino, makamaka pa mtengo wa mpunga ndi bata la m'misewu. Mu Novembala 2025 Pulezidenti Prabowo Subianto anamupatsa ulemu wa ngwazi ya dziko.

Mayi a Tadala:
Prabowo yemweyo anali mkamwini wake, Bambo a Chikondi, anakwatira mwana wake Titiek, ndipo anali mmodzi wa akuluakulu a asilikali mu ulamuliro umenewo. Mabungwe a ufulu wa anthu ndi mabanja a ophedwa anatsutsa ulemuwo poyera. Mwanayu akalemba za mendulo, alembenso za ukwatiwo m'chiganizo chomwecho.

Wophunzira wa ku Zomba:
Ndamva amayi, ndilemba zonse ziwiri pamodzi. Ndaganiza zoti nkhani yanga ndiiyambire pa Malichi 1992, pa kalata yopita ku Netherlands, kenako ndibwerere ku 1965. A Mphunzitsi, ndikamaliza ndime zoyamba ndidzakutumizirani kumbali kuti mundionereko ngati sindinasokoneze madeti a IGGI. A ku Ulongwe, ngati mungalole, ndikufuna kudzakufunsani zambiri za anthu a ku Timor amene munkakwera nawo basi ku Maputo.